Kukonza Mkumano wa Amalonda wa Rugby mu Mzuzu

Mu Mzuzu mukatchula mpira anthu amaganiza za Moyale Barracks, Bullets kapena Manoma. Rugby ndi ya ochepa. Ena anaisewera ali pasukulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ena anaidziwira kujoni, ena amangoionera pa SuperSport osamvetsa chimene woyimbira waimbira. Wina angaganize kuti chimenechi ndi chopinga, koma kwa wokonza mkumano wa amalonda ndi mwayi. Mukasonkhanitsa anthu pa nkhani ya mpira wamiyendo, holo imagawikana pawiri ndipo usiku wonse umathera mkangano wa matimu. Pa rugby palibe katswiri. Bwana wa kubanki ndi mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero onse amagwira mpira wosongokawo mwachilendo, onse amaseka, ndipo kuyankhulana kumayambira pomwepo.

Choyenera kuchigwira kuyambira pachiyambi ndi ichi: wosewera rugby wakale amene mudzamuitane ngati mlendo ndi nyambo chabe. Anthu adzabwera kudzamuona, koma adzabweranso ulendo wachiwiri pokhapokha ngati anapeza kasitomala, wowagulitsa katundu kapena wowabwereka ndalama. Mikumano yambiri yotere imagwa chifukwa okonza amathera mphamvu zonse pa mlendo ndi zokongoletsa, n'kusiya anthu kuti adziwana okha pa nthawi ya chakudya. Sadziwana. Aliyense amakakhala ndi amene wabwera naye.

Yambani ndi mndandanda wa anthu

Musanafunefune mlendo kapena holo, lembani mayina a anthu amene mukufuna akumane. Pa mkumano woyamba konzani mipando 49. Nambalayi ili ndi chifukwa chake, tichifotokoza tikafika pa matebulo.

Mzuzu ndi mzinda woti amalonda ambiri amadziwana nkhope koma sadziwana ntchito. Ganizirani magulu amene amafunana: a khofi, a matabwa ochokera ku Chikangawa, eni malo ogona alendo a mumzinda ndi a ku Nkhata Bay, a mathiraki odutsa pa Songwe kupita ku Dar es Salaam, a mahadiweya, omanga nyumba, a mafakitale a ku Luwinga, amalonda okhazikika a mu Taifa Market, a mabanki ndi a inshulansi. Onjezerani anthu ogula katundu m'malo mwa masukulu, zipatala, mipingo ndi mabungwe omwe si aboma. Amenewa ndiwo ovuta kuwapeza, ndiponso ndiwo amapatsa mkumano mtengo. Pa ogulitsa awiri alionse pakhale wogula mmodzi. Mukalekerera kuti aliyense wolipira alowe, holo imadzaza ndi ogulitsa inshulansi ndi obwereketsa ndalama okhaokha, n'kumagulitsana okhaokha. Kampani imodzi isatumize anthu oposa awiri.

Polembetsa, aliyense ayankhe mafunso awiri m'mawu ochepa: mumagulitsa chiyani, ndipo mukusowa chiyani pakadali pano? Mayankhowa ndiwo mudzagwiritse ntchito pogawa mipando. Wina akayankha kuti "ndimachita bizinesi zosiyanasiyana", muimbireni foni anene chimodzi chenicheni.

Nenani poyera pa kalata yoitanira kuti palibe alawansi ndipo thiransipoti ndi ya mwini. Anthu anazolowera maphunziro a mabungwe kumene amasainira envelopu pomaliza, ndiye mukapanda kunena, ena adzaima pakhomo kudikira.

Kupeza wosewera wakale

Mayina akuluakulu amakopa. Tendai Mtawarira, amene amamutcha Beast, anabadwira ku Harare n'kukasewerera Springboks, timu ya dziko la South Africa, mpaka anatenga nawo chikho cha dziko lonse mu 2019, ndipo aliyense angakonde kumuona ali pa Katoto. Koma anthu a msinkhu umenewo amayendera ma agent, amalipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tikiti ya ndege yokha ingameze bajeti yonse. Pa mkumano woyamba zisiyeni.

Funani pafupi. Yambani ndi a bungwe loyendetsa rugby m'dziko muno, amene mungawapeze kudzera ku Malawi National Council of Sports. Funsaninso m'masukulu amene amaseweretsa rugby ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chifukwa aphunzitsi a masewera amadziwa kumene osewera awo akale ali. Palinso anthu ochokera ku Zimbabwe, Kenya, Zambia ndi South Africa amene akugwira ntchito m'dziko muno ndipo anasewerapo m'makalabu kwawo. Musaiwale amayi. Mayi amene anasewerapo rugby amakhala ndi nkhani imene holo yonse imatchera khutu, makamaka amayi a bizinesi amene nthawi zambiri amaona ngati mikumano ya masewera ndi ya abambo.

Posankha, kutchuka kukhale kwachiwiri. Choyamba n'chakuti munthuyo atasiya kusewera anachita chiyani. Amene anatsegula bizinesi, kapena akuyang'anira anthu pantchito, amatha kulumikiza za pabwalo ndi za m'shopu popanda kukakamiza. Amene moyo wake unaima tsiku limene anavula jezi amangobwereza za masewera amene anapambana.

Tsimikizani mbiri yake. Mufunseni timu, zaka, ndi nambala imene ankavala, kenako mupeze munthu mmodzi amene anasewera naye kapena anamuphunzitsa. Pa rugby nambala ya jezi imanena malo a munthu: 1 mpaka 8 ndi akutsogolo okankhana mu scrum (pamene a matimu awiri amalumikizana mapewa kulimbirana mpira), 9 mpaka 15 ndi akumbuyo othamanga. Munthu wonena kuti ankavala 3 koma akufotokoza ntchito ya wothamanga m'mphepete akukunamizani. M'holo simudzalephera kukhala mmodzi wodziwa rugby, ndipo akamugwira bodza pagulu manyazi ndi anu. Chezani nayenso pa foni kwa mphindi 20. Ngati m'mphindi zimenezo sanakuuzeni nkhani imodzi yoti mungakabwereze kwa mnzanu, pa maikolofoni sadzasintha.

Zonse mugwirizane polemba, ngakhale tsamba limodzi: ndalama zake, theka lisanafike tsikulo ndi theka atamaliza, ulendo ndi malo ogona, kutalika kwa zoyankhula, chilolezo chojambula ndi kugwiritsa ntchito zithunzi, ndiponso kuti adzakhala mpaka mwambo utatha. Mfundo yomalizayi musaisiye. Mlendo akangoyankhula n'kunyamuka, theka la anthu limamutsatira pakhomo. Lembaninso chochitika mbali imodzi ikalephera. Za msonkho wodula pa malipiro ake funsani akauntanti kapena ku MRA musanatchule ndalama, kuti zisadzakhale zokangana pa tsiku lolipira. Ngati akuchokera kunja kudzalipidwa, funsani ku Immigration kudakali nthawi.

Wochokera ku Lilongwe afike dzulo lake. Ndi ulendo wa makilomita oposa 350 pa M1 kudzera ku Kasungu ndi Jenda, ndipo m'nkhalango ya Chikangawa nkhungu ikagwa galimoto zimayenda ngati kamba. Munthu wonyamuka m'mawa wa tsiku lomwelo amafika mochedwa, kapena amafika atatopa mawu osatuluka. Mulipireni masiku awiri ogona.

Zoyankhula: mufunseni mafunso, musamupatse gome

Osewera ambiri sadziwa kuyankhula pagulu, ndipo palibe chodabwitsa. Mukamuimika pa gome kuti ayankhule mphindi 40, amayamba ndi mudzi umene anabadwira, n'kufika pa rugby nthawi itatha. Njira yodalirika ndi kucheza: mipando iwiri kutsogolo, wofunsa mmodzi, mphindi 25, kenako mphindi 10 za mafunso a anthu. Mafunsowo mutumizeni kutatsala sabata, ndipo m'mawa wa tsikulo muyeserere limodzi kamodzi.

Chopewa kwambiri ndi mawu okuluwika amene aliyense anamva kale. Mlendo akayamba zakuti mutu umodzi susenza denga, anthu amagwedeza mitu uku akutsegula WhatsApp. Wofunsa azimukokera ku zinthu zenizeni za rugby zimene wamalonda angazione m'ntchito yake. Zilipo zambiri.

Pa rugby mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Wonyamula mpira amathamangira kutsogolo, koma woti amupatsire ayenera kukhala kumbuyo kwake kapena pambali. Amene wathamanga kwambiri n'kusiya anzake amagwetsedwa ali yekha ndipo mpira umalandidwa. Funso kwa mlendo likhale lakuti: munalandidwapo mpira chifukwa chosiya anzanu, zinatha bwanji? Kenako litembenuzireni kwa anthu: bizinesi yanu, inu mutagonekedwa m'chipatala mwezi wathunthu, ndani akudziwa ma supplier, ndani angasaine cheke? Mabizinesi ambiri a m'banja amathera pamenepa.

Pa lineout, mpira ukatuluka kunja, mmodzi wa osewera a timu yoponya amatchula chizindikiro chimene a timu yake okha amadziwa, ndipo wodumpha amanyamulidwa m'mwamba ndi anzake awiri. Mmodzi akamva molakwika chizindikirocho, wodumpha amakwera mpira utadutsa kale. Apa pali nkhani ya maoda olakwika, dalaivala wopita ku Karonga katundu akudikiridwa ku Rumphi.

Pa rugby, mwambo ndi wakuti kaputeni ndiye amayankhula ndi woyimbira. Wina akalalata, timu yonse imabwezedwa mamita 10. Khadi yachikasu imatulutsa munthu mphindi 10, anzake n'kumavutika ali 14. Mufunseni mlendo mmene ankaugwirira mtima woyimbira akalakwitsa, ndipo amalonda amene amakangana ndi akuluakulu a pachipata kapena a khonsolo adzadzimva okha.

Funso limene limakhudza anthu kuposa onse ndi la tsiku limene anasiya. Anavulala kapena anakalamba? Anali atasunga kanthu? Anayamba bwanji moyo wina? Mugwirizane naye pasadakhale kuti angafike pati, chifukwa ena nkhani ya kuvulala ndi ngongole imawawawabe.

Nkhani za Springboks zidzatuluka ndithu, ndipo si zoipa malinga zikhale zazifupi ndi zolondola. South Africa inatenga chikho cha dziko lonse mu 1995, 2007, 2019 ndi 2023. Mu 1995 Nelson Mandela anapereka chikho kwa Francois Pienaar pa Ellis Park ku Johannesburg atavala jezi ya nambala 6. Siya Kolisi anakhala kaputeni woyamba wachikuda wa timuyi mu 2018. Koma yothandiza kwambiri amalonda ndi ya 2023, pamene anapambana masewera atatu omaliza ndi pointi imodzi imodzi: 29-28 ndi France, 16-15 ndi England, 12-11 ndi New Zealand. Aliyense amene anaphonyapo tenda ndi kusiyana kochepa amaimva nkhaniyo m'mafupa.

Za chiyankhulo: mu Mzuzu holo imakhala ya Chitumbuka, Chichewa, Chitonga ndi Chizungu. Wotsogolera mwambo akhale womasuka m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, alonjere ndi "Monire mose", ndipo anene poyera kuti funso lifunsidwe m'chiyankhulo chimene munthu ali nacho womasuka. Mlendo akakhala wa Chizungu chokha, wofunsa azimangirira mfundo mwachidule pakatha mayankho awiri kapena atatu. Kumasulira chiganizo chilichonse kumadya theka la nthawi.

Mlendo asanayambe, patulani mphindi zisanu zofotokoza masewerawo. Osewera 15 mbali iliyonse, mphindi 80. Kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani ndi try, mapointi 5. Kumenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pa try ndi mapointi 2, penate ndi 3. Palinso rugby ya anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse, yotchedwa sevens, ya mphindi 7 chigawo chilichonse, imene inalowa mu Olympics mu 2016, chaka chomwe Kenya inapambana mpikisano wa Singapore Sevens. Onetsani kanema wa mphindi ziwiri, basi. Mukalowa m'malamulo a ruck ndi offside mwataya anthu.

Matebulo asanu ndi awiri, anthu asanu ndi awiri

Apa ndiye pagona mkumano wonse. Konzani matebulo 7, lililonse la anthu 7, ngati matimu a sevens. Tebulo lililonse likhale ndi nambala yaikulu yooneka patali ndi mpira umodzi wa rugby. Munthu aliyense alandire nambala ya jezi, kuyambira 1 mpaka 7, yolembedwa pa baji yake, moti pa tebulo lililonse pali 1 mmodzi, 2 mmodzi, mpaka 7.

Wogwira mpira ndiye amayankhula, kwa mphindi imodzi: dzina, chimene amagulitsa, chimene akusowa. Wezulo ikalira amapatsira mnzake. Mphindi 7 tebulo lonse layankhula, ngati chigawo chimodzi cha sevens. Onjezerani mphindi ziwiri zopatsana makhadi ndi manambala, ndi imodzi yosamuka. Mpirawo si chidole. Umathetsa vuto la munthu mmodzi wolongolola, chifukwa ngakhale bwana wamkulu amachita manyazi kuukakamira anzake atatambasula manja.

Posamuka, wa nambala 1 amasuntha tebulo limodzi kutsogolo, wa nambala 2 matebulo awiri, wa 3 atatu, mpaka wa 6. Wa nambala 7 sasuntha, ndiye kaputeni wa tebulo, wosunga mpira ndi dongosolo. Ukadutsa tebulo 7 umayambiranso pa 1. Mwachitsanzo wa nambala 3 woyambira pa tebulo 2 amapita pa 5, kenako pa 1, kenako pa 4. Mukatsata njirayi palibe anthu awiri amene amakumana kawiri, ndipo pa maulendo anayi aliyense amakhala atayankhula ndi anthu 24 osiyana m'mphindi 40.

Zimatheka chifukwa 7 sagawika ndi nambala ina. Mukayesa ndi matebulo 8, pofika ulendo wachitatu anthu amayamba kukumananso ndi omwe anakhala nawo poyamba. Anthu akachuluka, dumphirani pa matebulo 11 a anthu 7, onse 77, lamulo lake lomwelo. Matebulo 6, 8, 9 kapena 10 asiyeni.

Pali phindu lina lobisika. Anthu a nambala yofanana sakumana konse. Ndiye onse a mabanki apatseni nambala 1, ndipo tebulo lililonse lidzakhala ndi wa banki mmodzi nthawi zonse, osati atatu olimbirana kasitomala. Ogula akuluakulu apatseni nambala ziwiri, tinene 2 ndi 5. Anthu awiri ochokera kampani imodzi, kapena opikisana amene samwerana madzi, apatseni nambala imodzi.

Musasiye anthu kuti aziwerengera okha kosamukira. Lembani pa baji iliyonse matebulo ake anayi motsatana, monga 2, 5, 1, 4. Popanda zimenezo kusamuka koyamba kumasanduka msika. Ena sadzabwera, zimenezo n'zosapeweka. Tebulo la anthu 6 limayenda bwinobwino, koma la anthu 4 limazizira. Khalani ndi ophunzira asanu a ku Mzuni, makamaka a zokopa alendo kapena za bizinesi, okonzeka kuvala baji za osabwera. Iwonso amapindula. Makaputeni 7 aja muwasankhe nokha ndipo afike ola limodzi mwambo usanayambe kuti muwalongosolere. Mlendo wanu asakhale pa tebulo lapamwamba. Azizungulira, ulendo uliwonse tebulo lina, atakoka mpando wachisanu ndi chitatu.

Mipira ya rugby sipezeka wamba m'mashopu a mu Mzuzu. Itanitsani kutatsala mwezi, kapena pemphani mlendo abwere nayo. Ya akuluakulu ndi saizi 5, koma ya pa tebulo saizi 3 kapena 4 ndi yabwino, sigwetsa matambula. Musaiwale pampu ndi singano yake.

Tsiku, malo ndi nthawi

Lachinayi madzulo ndi tsiku losavuta. Lachisanu anthu amathawira kunyanja kapena kumudzi, Loweruka ndi la maukwati, zinkhoswe ndi a Seventh Day, Lamulungu musayese n'komwe. Pewani sabata yomaliza ya mwezi, pamene a mabanki ndi maakauntanti amatuluka mu ofesi usiku. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, imatha kufika mu Epulo ndi Meyi, ndipo Juni ndi Julayi madzulo kumazizira koopsa. Ngati mbali ina ya mwambo ndi ya panja, sankhani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala.

Malo alipo: mahotela ngati Sunbird Mzuzu ndi Grand Palace, kalabu ya gofu, maholo a mipingo ndi a masukulu. Kulikonse kumene mwasankha, pitani mukaone nokha pa ola lomwe mwambo udzachitike. Pakati pa matebulo pakhale mpata woti anthu awiri adutsane, chifukwa anthu 42 adzanyamuka nthawi imodzi katatu. Holo ya denga la malata lopanda siling'i mvula ikagwa palibe womva mnzake. Funsani kuti jenereta imayatsidwa ndi ndani, imatenga mphindi zingati, ndipo mafuta ake ali pa bilu ya ndani. Maikolofoni akhale atatu, awiri a kutsogolo ndi imodzi yoyenda, ndi mabatire apadera. Kanema wanu akhale pa flash ndi pa laputopu, osadalira intaneti.

Dongosolo limene limayenda ndi ili. Anthu afike 5 koloko, alandire baji ndi khofi wa Mzuzu kapena tiyi. Pemphero ndi malonje 5:30, malamulo a rugby 5:40, kucheza ndi mlendo 5:50, matebulo 6:25, chakudya 7:05, kugulitsa jezi yosainidwa ndi mlendo 7:45, kutseka 8:15. Kupitirira apo a ku Zolozolo, Mchengautuwa ndi Chibavi amene alibe galimoto amayamba kuda nkhawa ndi mataxi ndi kabaza, n'kumatuluka mmodzimmodzi. Chakudya chibwere pambuyo pa matebulo. Anthu akadya kaye, ena amanyamuka, otsalawo amalemedwa.

Nkhani ya mlendo wolemekezeka iganizireni kawiri. Mukaitana wandale kapena mkulu wa boma, mwambo sungayambe iye asanafike, ndipo akafika pamakhala ndondomeko ya omuitanira ku gome, aliyense ndi mawu ake. Ola lathunthu limapita. Ngati simungachitire mwina, muuzeni polemba kuti mwambo udzayamba 5:30 ndipo iye adzatseka, mphindi zisanu. Mlendo weniweni wa tsikulo ndi wosewera uja.

Chakudya chikhale chodyeka munthu ataimirira kapena akuyenda: kanyenya, nkhuku yoduladula, nsomba yopanda minga yambiri, samusa, tchipisi, ndi mpunga kwa ofuna kukhuta. Nkhumba isiyeni, kuti Asilamu ndi a Seventh Day adye momasuka. Rugby ili ndi mwambo wakuti masewera akatha matimu onse awiri amadyera ndi kumwera limodzi, ndipo mungautchule potsegula chakudya. Koma mowa ukhale wogula yekha munthu, ndipo bala itsegulidwe matebulo atatha. Mowa waulere umadya bajeti ndipo umathamangitsa amayi ndi anthu opemphera, omwe mu Mzuzu ndi gawo lalikulu la amalonda.

Ena amafuna kuyamba ndi kamasewera pabwalo. N'zotheka, koma ikhale touch rugby, yongokhudzana ndi manja awiri, mphindi 15, kwa ofuna okha, ndipo uzani anthu pasadakhale abwere ndi nsapato zoyenera. Kugwetsana ndi scrum ayi, ngakhale mongoyerekeza. Khosi la munthu wa zaka 50 wosazolowera silichedwa kuvulala. Pakhale wodziwa chithandizo choyamba, ndipo aliyense amene wagunda mutu atuluke osabwereranso.

Ndalama

Gawani zowononga pawiri. Pali zosasintha kaya kubwere anthu 10 kaya 49: holo, mlendo, ulendo wake, zokuzira mawu, mipira, mabaji, wojambula, ndi chakudya cha ogwira ntchito ndi oitanidwa mwaulere. Ndiye pali za munthu aliyense, makamaka mbale ndi chakumwa. Powerengera mtengo wa tikiti musagawe ndi 49. Gawani ndi 35, chifukwa mipando ina idzapita kwa ogula akuluakulu amene simungawalipiritse, ina sidzagulidwa.

Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa kawerengedwe, kuti zosasintha zakwana K1,400,000 ndipo mbale ndi K25,000. Kugawa K1,400,000 ndi 35 kukupatsani K40,000, kuphatikiza mbale tikiti ndi K65,000. Mukapeza kampani yolipira theka la zosasinthazo, tikiti imatsika kufika K45,000. Ikani mitengo yanu yeniyeni m'malo mwa iyi, ndipo onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi. Mitengo ikusintha msanga masiku ano, choncho kotesheni iliyonse ikhale ndi tsiku lothera, ndipo mukalipira dipoziti alembe kuti mtengo watsekedwa.

Matikiti alipiridwe tsiku lisanafike, pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, ndipo mutseke kutatsala masiku atatu kuti mugawe manambala ndi kuuza ophika chiwerengero. "Ndidzalipira pakhomo" ndi mpando wopanda munthu umene mbale yake mwalipira kale.

Kampani yothandiza ipatseni zinthu zowerengeka: dzina pa mabaji ndi pa chinsalu, mipando iwiri, tebulo la zowonetsa pakhomo, ndi mphindi zitatu pa maikolofoni. Zitatu zenizeni. Musatenge makampani awiri opikisana, ndipo musalonjeze manambala a foni a anthu obwera. Amenewo si anu ogulitsa.

Jezi kapena mpira wosainidwa ndi mlendo ugulitseni pokweza mtengo poyera, osati pa mayere a matikiti. Mayere ali ndi malamulo ake pansi pa MAGLA, bungwe loyang'anira za juga ndi mayere, ndipo si nkhani yoti muidziwe mwambo utatha. Nenani pasadakhale kumene ndalamazo zipite, monga kugula mipira ya sukulu inayake ya mumzinda, ndipo mudzaonetse lisiti. Konzani munthu mmodzi woti ayambe kutchula mtengo, chifukwa chete wa poyamba amapha malonda. Ngati mudzaika nyimbo, funsani ngati malowo ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Ngati mudzaonetsa masewera a pa DStv, malowo akhale ndi akaunti ya bizinesi, osati dikoda yobwereka kunyumba.

Mwambo ukatha

Pa fomu yolembetsa pakhale bokosi loti munthu avomere kuti dzina, ntchito ndi nambala yake zigawidwe kwa anzake obwera. Pasanathe masiku awiri tumizani mndandandawo kwa onse, wa ovomera okha, pamodzi ndi zithunzi zochepa zabwino. Potuluka aliyense alembe pa kapepala mayina awiri a anthu amene akufuna kuonana nawonso. Pamene awiri atchulana, alumikizeni ndi uthenga umodzi tsiku lotsatira. Pamene mmodzi yekha watchula mnzake, funsani kaye winayo.

Gulu la WhatsApp likakhala lotsegula limafa m'sabata imodzi ndi mauthenga a m'mawa wabwino, ndale ndi malonda a aliyense. Litsekeni kuti azilemba oyang'anira okha, ndipo mulitsegule tsiku limodzi pa sabata la zotsatsa. Pakatha masiku 30 imbirani anthu khumi muwafunse ngati pali oda, kotesheni kapena mkumano umene unabadwa. Mayankho amenewo ndiwo mudzapite nawo kwa kampani yothandiza ulendo wotsatira, osati zithunzi za anthu akumwetulira ndi mpira.

Musachite mwezi ndi mwezi. Osewera akale oti n'kuitana ndi ochepa ndipo amalonda a mumzinda ndi omwewo, ndiye katatu pachaka n'kokwanira, ndipo ulendo uliwonse theka la mipando lipite kwa anthu atsopano. Kalendala ya rugby ingakuthandizeni kusankha masiku. Six Nations, mpikisano wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, imaseweredwa mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo masewera a ku South Africa amayamba pa ola lomwelo ndi la kuno chifukwa nthawi yathu ndi imodzi. Chikho cha dziko lonse chotsatira chili ku Australia mu Okutobala ndi Novembala 2027, ndipo Zimbabwe idzakhalako itagonjetsa Namibia ku Kampala mu 2025, ulendo woyamba chichokereni 1991. Nyengo imeneyo Sydney imakhala patsogolo pathu ndi maola 9, Perth ndi maola 6, kotero masewera a madzulo kumeneko adzaoneka kuno m'mawa kapena masana. Mkumano wa nthawi imeneyo muukonze ngati kadzutsa: matebulo ayambe 8 koloko, mlendo ayankhule 9 koloko, ndipo masewera akayamba akhale pafupi ndi sikirini ndi maikolofoni m'manja, azifotokoza chimene woyimbira waimbira.